A Gracian ndi Mdala Wochedwa Kubwera

A Gracian amakwiya ngati ntchito imene anawalembera ndi yomweyo. Ndinawapeza ku kheya homu, nyumba yosamalira okalamba, ya ku Wigston kuno kunja, ine kukhitchini, iwo kulondile, kumene amachapa zofunda za okalamba. Tsiku loyamba lomwe anandikalipira chifukwa ndinawapatsa moni wa “hayi”.

“Mwana wa yani iwe? Makolo ako unawasiya pa eyapoti?”

Kuyambira pamenepo ndimawatchula ankolo, ngakhale ubale palibe. Iwo ndi a ku Phalombe, ine Mtendere wa ku Ndirande. Munthu wake ndi wamfupi, imvi m'mbalimu, ndipo akamalankhula chala chimakhala m'mwamba ngati akuimitsa minibasi. Ndikawatsanzira pa bulekhi manesi amachita kutsamwa tiyi. Akandipezerera amangoti, “Sukulu inakukana, koma chipongwe unakhoza bwino.”

Kwawo anali atatha zaka osapondako. Mapepala awo anali ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo yankho lake linali limodzi, dikirani. Ntchito amaloledwa kugwira, koma atangotuluka m'dziko muno nkhani yawo ikanathera pomwepo, kubwerera kulibe.

Koma nyumba anamanga. Ya njerwa zootcha, malata, khonde lofiira. Maso awo sanaionepo, zithunzi za pafoni basi. Tsiku limene amisiri anamaliza anaikapo loko wamkulu, ndipo lamulo linali loti asagonemo munthu.

“Nyumba yatsopano amayamba kugonamo ndi mwini wake,” amatero. “Akayamba wina, ndiye kuti iweyo akuika kale pagulu la matchona. Kapena la akufa. Ine ndafa? Ndiyang'ane, ndafa?”

Tsono za mbalame. Mu launji momwe okalamba amakhala masana muli tiivi yaikulu. Kuzizira kukamatha manejala amaika kamera ya kudamu lalikulu la ku Rutland, yoonetsa chisa chili pamwamba pa pholo pakati pa madzi. Mbalame zake amati osipule. Zili ngati nkhwazi, koma zocheperapo, zoyera kumimba, ndipo zimadya nsomba basi. Chaka choyamba a Gracian amangodutsa ndi tolole yawo ya zofunda osayang'anako. Kenako gogo wina wachizungu anawauza kuti mbalamezo nthawi yozizira zimakhala ku Africa, March akafika n'kubwerera pa chisa chomwecho.

Tolole inaima.

“Ku Africa? Chaka ndi chaka? Viza amaipatsa ndani? Mbalame yopanda ndi thalauza lomwe ikungopita n'kubwera, ine wa taye ndili phee pano!”

Anaitukwana sabata yonse. Koma atamva kuti yamphongoyo ndi nkhalamba kuposa zonse za padamupo, komanso kuti chisacho inatolera yokha timitengo take, anayamba kupindira matawulo mu launji. Anaipatsa dzina, Mdala. Ikatera ndi nsomba amati, “Mwaona? Mwini nyumba ameneyo.”

Ndiye kunabwera March wa 2019, mvula ija inagwetsa nyumba kumwera kwathu. Ya Bennet, mwana wa alongo awo a Gracian, inakhala pansi yonse. Bennet ndi mkazi wake, amene anali woyembekezera, anakagona m'kalasi pasukulu ya m'mudzimo pamodzi ndi mabanja ena. Alongo awo aja, amake Bennet, anaimba nthawi ya bulekhi. Foni ya a Gracian imakhala pa sipika nthawi zonse chifukwa khutu limodzi linawathawa, ndiye tonse tinamva.

“Achimwene, nyumba yanu ili chiimire. Yangonyowa khonde. Anawa alowemo kaye.”

“Ayi.”

“Mukugona mileme yokhayokha m'menemo.”

“Mileme sinena kuti ndafa. Ndikubwera ine. Ndigonemo usiku umodzi, m'mawa mwake alowe ndi mbuzi zomwe ngati akufuna.”

“Mukubwera liti, achimwene?”

Anadula foni.

Masiku omwewo yaikazi, mkazi wa Mdala, inafika pachisa. Mdala ayi. Zinzake zonse za padamupo zinafika, iye zii. A Gracian amati akangolowa m'mawa, jekete osavula, amayamba kukasuzumira mu launji. Kenako kunatulukira kamphongo kena, kanyamata, nthenga zosalala ngati kadzola mafuta. Kanatera ndi nsomba. Yaikazi inayang'ana uku, kuyang'ana uko, n'kulandira.

“Taonani! Nsomba imodzi! Imodzi yokha, wadya! Mwamuna wako ali m'njira, akulimbana ndi mphepo, iwe uli pano kulandira usipa wa anyamata!”

Okalamba ena anadzidzimuka kutulo. Manejala anachita kubwera kudzawauza kuti atsitseko mawu.

A Gracian amachita lendi kachipinda pamwamba pa butchala ya a Jusab ku Spinney Hill. A Jusab ndi mwenye wobadwira ku Limbe, Chichewa chawo chimaposa changa, ndipo ntchito yawo ina ndi kuputa a Gracian. Atatopa ndi nkhani ya Mdala m'mawa ndi madzulo anati, “Bambo Gracian, Lamulungu tikwere vani, mukamukalipire pamaso mkazi wa Mdalayo. Mwina pa tiivi sakumva.” Ine ndinadziitana ndekha.

Kudamuko kuli kanyumba kamatabwa koonera mbalame. Muli azungu ndii, aliyense ndi magalasi oonera patali, onse chete ngati muli mwana wodwala. Ukatsokomola akuyang'ana. Mayi wina wothandiza pamenepo, wa chipewa chobiriwira, anatibwereka magalasi ake n'kuyamba kutinong'oneza, mutu atapendeketsa, mawu okoma ngati akupereka switi. Akuti yakaleyo inali itakalamba kwambiri, mwina yatsakamira m'chipululu kapena m'nyanja, sitidzadziwa. Koma nkhani yabwino ndi yoti chisa sichikhala chopanda ntchito, wapezeka wina.

A Gracian anaimirira mpaka benchi inagwedera.

“Mtembo mwauona?”

Anafunsa m'Chichewa, kenako m'Chizungu, kenako m'Chichewa kachiwiri, mokweza.

“Munthu wangochedwa, inu mwagawa kale nyumba yake! Nkhani yabwino? Timitengo timeneto anatolera ndi inu? Wachedwa basi! Kuchedwa ndi mlandu?”

Abakha amene anali pafupi anauluka onse. Magalasi onse anatembenuka, kusiya chisa n'kuloza ife. A Jusab anawakoka jekete.

“Khalani pansi, bambo. Azunguwa aganiza kuti tikukangana za amene adye ntchafu.”

Pobwerera m'vanimo a Jusab anati, “Nyumba ya bambo anga ku Limbe pano amagulitsiramo matayala. Koma ndili moyo, ndikudya.”

“Inu munachoka ndi mipando yomwe. Ine ndinachoka ndi kachikwama kamodzi, ndinawauza kuti ndikubwera.”

April atalowa yaikazi inaikira mazira awiri, a kanyamata kaja. A Gracian anasiya kudya nafe. Amake Bennet anaimbanso. Sukulu ikufuna makalasi ake, anthu akuuzidwa kuti achoke, ndipo mtsikana uja miyendo yatupa, masiku ake ayandikira.

“Achimwene, ndikukupemphani. Tipite naye kuti?”

“Dikirani.”

Ine pakamwa pangapa sipamva. Ndinakweza chala m'mwamba, n'kupanga mawu a kumphuno a anthu a ku ofesi kuja, aja amawaimbira n'kuwasiya akumvera nyimbo. “Dikirani, bambo. Nkhani yanu tikuiona. Dikirani.”

Palibe anaseka. A Gracian anandiyang'ana n'kutuluka. Anatha masiku osandiyankha moni.

Tsiku lake linali masana, ine ndikutolera makapu mu launji, iwo akudutsa ndi tolole. Gogo wachizungu uja anakuwa n'kuloza tiivi. Pamphepete pa chisa panatera chimbalame chowonda, nthenga zina kuphiko kulibe, mutu uli nyankhalala ngati chagona m'basi. Chinaima n'kuyang'ana mu kamera.

“Mdala!”

Sindinawaonepo a Gracian chomwecho. Anavina. Munthu wa imvi, pilo m'manja, akuzungulira pakati pa mipando ya okalamba.

“Ndinanena! Mtendere, ndinanena kapena sindinanene? Aitaneni mayi a chipewa aja! Mtembo wawo suwu ukuuluka!”

Moni anali atandibwezera osadziwa. Kanyamata kaja kanabwera ndi liwiro, zinakwerana m'mwamba, kamera inangoonetsa mapiko ndi nthenga zikugwa. A Gracian akuponya zibakera m'malere. “Mumenye! Muonetse mwini wake!” Posakhalitsa Mdala anateranso yekha. Kanyamata sikanaonekenso.

Kenako Mdala analowa pakati pa chisa. Anayang'ana mazira aja. Anawazungulira, n'kutembenuka, n'kuyamba kupalasa ndi miyendo ngati nkhuku pa dzala. Dzira loyamba linagubuduka, kudutsa timitengo, n'kugwera m'madzi. Yaikazi ikulira, ikuthamangira uku ndi uku. Anapalasanso. Lachiwiri linasweka pamphepete pomwepo, zachikasu zikutsika ndi timitengo. Akuti zamphongo zimatero zikapeza mazira a mnzake. Ife sitimadziwa.

Gogo uja anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. A Gracian chala chinali chikadali m'mwamba. Chinatsika pang'onopang'ono.

“Iwe,” anatero, mawu ali pansi. Kenako anaphulika. “Iwe! Chitsiru cha nkhalamba! Mazirawo akulakwira chiyani? Anachedwa ndani? Anakugwira mwendo ndani ku Africa? Wabwera ndi mutu wako wosapesawo kudzataya ana m'madzi? Chisa wapeza, nanga udya?”

Analanda rimoti pa tebulo n'kuzimitsa tiivi. Okalamba anayamba kukompulena, iwo osatembenuka. Tolole anaisiya pakati pa launji. Ndinaikankha ine kuwatsatira kulondile, poti wina amayenera kuikankha.

Ndinawapeza ataima pakati pa mashini, foni pa sipika, ikuitana.

“Amake Bennet. Mumuuze Bennet akabwereke kasowo kodulira zitsulo. Adule loko.”

“Achimwene?”

“Loko ndanena! Osati chitseko. Chitsekocho ndi cha mlombwa, akangochikanda ndidzamumva ndili konkuno.”

Kumene kuja tinamva kulira, kenako nthungululu, wina akuitana Bennet patali.

“Alowe chipinda chiti, achimwene? Chaching'ono chakumbuyo chija chikwana.”

“Chakumbuyo kukhale mayi wodwala? Zenera lake laling'ono ngati la kundende? Chachikulu! Ndipo atulutse kaye milemeyo, akolope ndi sopo, asandigonekere mwana wa eni pa ndowe.”

“Mulungu akudalitseni, achi...”

“Musandithokoze. Ndakwiya. Mukumva? Ndakwiya kwambiri.”

Anadula. Anakhala pa basiketi ya matawulo, manja ali pamaondo, mashini akuzungulira kumbuyo kwawo. Ndinaima pakhomo ndi tolole, osadziwa ngati ndilowe.

“Ankolo, ndikupangireni tiyi?”

“Simenti yonse ija,” anatero, osandiyang'ana. “Malata onse aja. Ndikadzapita ndidzaima pakhonde langa ndi chikwama ngati wogulitsa mankhwala a makoswe. Odi, odi kuno. Pakhomo panga. Kamwana ka mamina n'kutuluka kudzandifunsa kuti mukufuna ndani.”

Anadzuka, n'kutsegula mashini, n'kuyamba kuponyamo zofunda ngati zawalakwira.

“Odi wake ndidzakuwa mpaka amve ku Migowi. Bweretsa tiyiyo. Shuga usachite kuwerenga.”