Lupanga Lobiriwira pa Kaliyala

Lupanga limodzi timagulitsa K7,500, mabatire ali momwemo. K2,000 imakhala yanga, yotsalayo ndi ya a Langton Kamphinda amene amawapanga. Si malupanga odulira kanthu ayi. Ndi paipi yoyera yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, m'kati mwake muli timababu tondondozana, ndipo chogwirira chake ndi pampu yakutha ya njinga. Ukadina swichi kuwala kumakwera mpaka kunsonga, lupangalo n'kumalira chapansipansi ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Ine ndine Talandira. Ndimagulitsa matochi ndi machaja pamsika wa Madisi, ndipo benchi langa linayang'anizana ndi kashopu ka a Langton.

A Langton kwawo ndi cha ku Dzoole. Bambo awo ankalima fodya ndipo ankafuna mwana wawo alimenso, koma iye anathawira pa Madisi akadali mnyamata, nalowa ntchito panyumba yoonetsera mafilimu. Ntchito yawo inali kuthira mafuta m'jenereta ndi kumasulira filimu pa maikolofoni. Chingerezi chawo chinali cha Fomu 2, choncho pomwe sanamve ankaikapo zawo. Anthu ankakonda zoikapozo kuposa zenizeni.

Mwa mafilimu onse, mtima wawo unagwera pa aja a nkhondo za kunyenyezi, momwe asilikali amamenyana ndi malupanga a kuwala. Anawaonera mpaka tepi inayamba kuonetsa mizeremizere. Mafoni atachuluka anthu anasiya kubwera kudzakhala pamabenchi, nyumba ija inasanduka mosungira soya, ndipo a Langton anayamba kukonza mawayilesi ndi matochi. Anakwatira a Marita, amene amakazinga zitumbuwa kumudzi. Lamlungu lililonse amaimba besi m'kwaya ya kumpingo kwawo, ndipo anthu amati nyimbo ikafika pa mawu awo mazenera amanjenjemera.

Malupanga anayamba kupanga chaka chatha, ana ataonera mafilimu omwe aja pafoni n'kumamenyana ndi mapesi. A Langton ali ndi malamulo awo. Labuluu amati ndi la mlonda. Lobiriwira ndi la mphunzitsi, munthu woganiza asanamenye. Lofiira sapanga, chifukwa ndi la munthu wopereka anzake kwa adani. Ndinawauzapo kuti timababu tofiira ndi totchipa kuposa tonse.

"Talandira iwe, ukufuna ndikonzere mwana wa eni ake lupanga la chigawenga? Akakula n'kuba mbuzi adzati wayambitsa ndani?"

Lamulo lawo lalikulu linali lakuti lupanga salitsegula pamaso pa munthu. Likawonongeka ankalowa nalo kuseri kwa katani. Ankati mwana akangoona waya, lupanga lafa, yatsala ndi tochi.

Tsiku lina m'nyengo ya kukolola anamanga lupanga lobiriwira m'thumba loyera, naliika pa kaliyala wa njinga kuti akalimalize kunyumba. Njira ya kumudzi kwawo ndi ya miyala ndipo imadutsa m'mphepete mwa manda. Njinga ikudumphadumpha, swichi inadinika yokha. Iwo sanadziwe kanthu, poti zinali kumbuyo ndipo ankayeseza nyimbo ya Lamlungu. Kunali kutangoyamba chisisira. Mayi Faines, amene ankachokera kudimba, anaona chinthu chobiriwira chikutsetsereka pafupi ndi manda, chikung'ung'udza, pamwamba pake mawu aakulu a mwamuna. Anataya mtolo wa mpiru n'kuthawa.

Sabata yomweyo mdzukulu wawo anadwala malungo. Sipanapite nthawi nkhani inamveka mudzi wonse, kuti Kamphinda amauluka. Zitumbuwa za a Marita zinayamba kubwerera m'beseni momwe zinapitira. Kukwaya, anthu awiri oyandikana ndi a Langton anasuntha. Kenaka akulu ampingo anawaitana, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo lake: akalephera kudziyeretsa, awachotsa m'kwaya ndi kuwaimitsa pa mgonero.

A Marita anabwera pabenchi langa m'mawa wa tsiku la mlanduwo.

"Achemwali, tiyeni mukatiperekeze. Abambo a Thokowa ndikuwadziwa, akayamba kufotokoza za mafilimu awo sasiya."

Tinakumana masana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Wotsogolera anali a Solomoni, mphunzitsi wopuma, munthu wofatsa amene ankaoneka kuti nkhaniyo ikumulemera. Mayi Faines anakhala pafupi ndi chitseko. A Langton anaika lupanga patebulo, napempha kuti mazenera atchingidwe ndi zitenje. Atadina swichi, chipinda chonse chinabiriwira, mpaka mano a anthu. Mayi Faines anadzuka.

"Ndi chomwecho! Ndi chomwecho, ngakhale kaliridwe kake!"

"Khalani pansi, mayi," anatero a Solomoni. "A Kamphinda, tiuzeni. Chinthuchi ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani chili chobiriwira?"

Funso lachiwirilo ndi lomwe linawononga zinthu. Nkhope ya a Langton inawala kuposa lupangalo. Kwa zaka zambiri palibe munthu wamkulu amene anawafunsapo zimenezi.

"Abambo, lobiriwira sagwira munthu wamba. Amagwira ndi amene anaphunzira kwa mkulu wake kwa nthawi yaitali, kumalo obisika. Munthu wotere amatha kumva zomwe zikuchitika kutali. Amatha kunyamula mwala osaukhudza. Akaliitana lupanga lake, limabwera lokha m'manja."

Mkulu wina anasuntha mpando wake chammbuyo.

"Ndiye inuyo," a Solomoni anafunsa mosamala, "munaphunzira kwa yani?"

"Ine? Ndinangoonera, usiku ndi usana, mpaka..."

"Abambo a Thoko, khalani chete," anatero a Marita.

Anapisa m'chitenje natulutsa sikuludiraiva. A Langton anagwira lupanga lija ndi manja awiri.

"Mayi a Thoko, osati pano. Mukudziwa lamulo langa."

"Lamulo lanu lidya zitumbuwa zanga? Lamulo lanu liimba besi Lamlungu? Bweretsani kuno."

Anayang'anana. Ine ndinkaganiza kuti akana, chifukwa ndinawaonapo akubweza kasitomala amene ankafuna kusuzumira kuseri kwa katani. Koma anatenga sikuludiraiva ija m'manja mwa mkazi wawo, namasula okha, pang'onopang'ono. Kuwala kunazima. Anayala zonse patebulo: mabatire atatu, waya wofiira ndi wakuda, kasipika ka m'wayilesi yakufa, kamota ka m'foni, ndi chingwe cha timababu chomata ndi selotepi. Wina anachotsa chitenje pazenera. Zinthuzo zinaoneka zochepa ndi zosauka, ndipo a Langton sanaziyang'anenso.

"Mabatirewo ndi a pabenchi langa," ndinatero. "Timababuto ndimakapikula ku Lilongwe."

A Solomoni ananyamula chogwirira, nachitembenuza. Panali chizindikiro cha utoto wachikasu.

"Iyi si pampu yanga iyi? Ija ndinasiya kushopu kwanu kuti muikonze?"

"Munati yatha, nditaye, abambo."

"Ndiye ufiti wonsewu ukuyendera pampu yanga?"

Mkulu uja anasuntha mpandoyo ndiye anayamba kuseka, ena n'kutsatira. Mayi Faines sanaseke.

"Sekani, koma inu simunalipo kumanda kuja. Mpiru wanga mbuzi zinadya."

"Zoona, mayi, munaopsedwa," anatero a Langton. "Ndikanaona ine chinthu chotero, bwenzi nditataya njinga. Pepani. Mdzukulu ali bwanji?"

"Wachira. Anamupatsa mankhwala kuchipatala. Ndiye amene akundivutitsa kuti akufuna chinthu chanucho."

Akulu anagamula kuti a Langton apitirize kuimba ndi kulandira mgonero. Anawonjezapo ziwiri: lupanga likamayenda panjinga mabatire azikhala m'thumba la malaya, ndipo akamauza ana za anthu onyamula miyala osaikhudza, aziyamba ndi kunena kuti ndi za m'filimu.

Pobwerera a Langton ankakankha njinga, zidutswa zija zili m'jumbo. Ndinawauza kuti apambana.

"Ndapambana, inde. Koma Lamlungu ana onse adzakhala atamva kuti m'kati muli selotepi."

Anamvadi. Lolemba anabwera pashopu ali gulu, ndipo sanabwere kudzaseka. Ankafuna kuona m'kati, ndiponso kudziwa ngati munthu angapange lake. A Langton anakana masiku angapo, akung'ung'udza. Kenaka anakumbukira kuti ngakhale m'mafilimu muja msilikali weniweni amadzipangira yekha lupanga, sagula. Anakoka katani ija, naipachika pamsomali. Tsopano mwana amasankha chogwirira chake, amalowetsa yekha timababu m'paipi, a Langton n'kulumikiza mawaya uku akufotokoza za mitundu. Lofiira akukanabe. Zitumbuwa za a Marita zikutha, ndipo Lamlungu lapitali ndinamva besi ija ndili panja pa tchalitchi.

Vuto latsala ndi mapampu, chifukwa pa Madisi tatolera onse akutha. Loweruka ndikwera minibasi kupita ku Mponela kukafunsa kwa okonza njinga, ndipo ndikagulanso maswichi okhala ndi kachivindikiro, oti sangadinike okha panjira ya miyala.