Alendo Analowetsa Ana Kumanda

Nditamva kulira kwa ana kuchokera m'mitengo ya kumanda, ndinaponya nkhwangwa pansi n'kuthamanga. Izi si zongomva. Zinandichitikira ine, ndipo zipsera zake zili kumsana kwangaku, wokayika abwere adzaone.

Ndinkawaza nkhuni ndi kutunga madzi panyumba ya ana amasiye, kumapiri kwathu kuno, kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Chaka chilichonse kunkabwera azungu achinyamata otumidwa ndi mipingo ya kwawo. Ankapenta zipupa, kuphunzitsa ana nyimbo, kujambula zithunzi, n'kumapita. Sindikunena kuti anali oipa. Ana ankawanyamula ndi mtima wonse. Koma kufunsa, ayi, sankafunsa.

Tsiku limenelo kunatentha kwambiri. Mayi woyang'anira nyumbayo anali atapita kuchipatala ku Boma ndi mwana wodwala. Atsikana awiri achizungu anaona kuti pabwalo palibe mthunzi, anatenga ana kukafuna pokhala. Inu mukudziwa mmene mapiri athu anayerera. Mitengo ikuluikulu inatsala kuti? Kumanda basi. Iwo anangoona nkhalango yokongola. Ananyamula mphasa, mabisiketi ndi gitala. Ana okulirapo akuti anakana n'kuthawa, alendowo ankayesa kuti ndi manyazi. Aang'ono anatsatira mabisiketi. Pakati pawo panali mwana wa malemu mlongo wanga, kamtsikana kosayamba n'komwe sukulu, kamene ndinakapereka kunyumba ya anayo ndekha chaka cha njala.

Manda amenewo ndi dambwe, kumene kumakhala gule. Wosalowa gule sapondamo. Ine ndinabadwira mumpingo, ndipo ndinkadziwa zimene amamuchita munthu wolowamo. Koma nanga ndikanaima panja mwana wa mlongo wanga ali mkati?

Ndinawapeza atazunguliridwa. Zilombo zinali zitatuluka m'zitsamba, matupi opaka matope, nthenga kumutu, zikwanje ndi zikoti m'manja. Ana anali ataunjikana pamphasa, akulira. Mmodzi wa atsikana aja anali atakweza foni, akujambula, akumwetulira. Ankayesa kuti abwera kudzawavinira. Foni imeneyo ndinaimenya ine, inakagwera pamtumbira.

Ndinagwada. Ndinauza akuluakulu a dambwe amene anaima kumbuyo kwa zilombo kuti alendo sadziwa kanthu, ananso sadziwa kanthu, atikhululukire. Mkulu wawo, munthu woti timakumana naye pamsika wa Msakambewa n'kumapatsana moni, anandiyang'ana ngati sanandionepo. Anati azungu atuluke, safuna za apolisi. Ana atuluke, ndi makanda, aiwala. Koma mwamuna wandevu amene walowa ndi miyendo yake n'kuona zonsezi ndi maso ake, ameneyo atsala.

Mwana wa mlongo wanga anandigwira thalauza. Ndinamumasula zala chimodzichimodzi, n'kumupereka kwa mtsikana wa foni uja.

Zimene zinachitika mkatimo sindinena zonse. Anandilumbiritsa, komanso ndili ndi ana. Anandimanga kumaso. Zikoti zinagwa mpaka msana unaleka kumva. Kenaka anandigoneka m'dzenje pakati pa mitumbira, dothi likugwera kukamwa, ndipo ndinamva makasu akugunda pamwamba panga. Ndinati basi, andikwirira wamoyo. Ndinayesa pemphero la Ambuye, limene ndinaliloweza ndili mwana, koma mawu onse anathawa. Sanandikwirire. Patapita masiku ananditulutsa kudambweko, mutu atandimeta mpala, ndili munthu wa gule.

Mpala umenewo sukanabisika. Lamulungu lotsatira mkulu wa mpingo anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Anati wa gule sadya mgonero, ndiime kaye. Ndinafotokoza. Anati akumva, koma lamulo ndi lamulo, ndiyambirenso kalasi pamodzi ndi ana. Ine amene ndinaumba nawo njerwa za tchalitchi chimenecho! Kunyumba ya ana nako anati othandiza akunja sangakondwe kumva kuti pali munthu wa gule pafupi ndi ana. Nkhwangwa anaipereka kwa wina.

Atsikana aja anali atakwera kale ndege. Ndinamva kuti kwawoko anaimirira m'tchalitchi n'kupereka umboni wa mmene Mulungu anawapulumutsira m'manja mwa ziwanda. Ngati anatchulako za wowaza nkhuni, kaya.

Amene anandikwapula sindinawakhululukire, koma iwo timawadziwa, ndipo njira yawo timailambalala. Amene ndimaopa tsopano ndi mlendo wa mtima wabwino wosafunsa. Inu olandira alendo, musanawaonetse pogona, yambani mwawaonetsa kumene sayenera kuponda. Akalakwitsa, iwo amakwera ndege. Wotsala m'dzenje ndi inu.

Chaka chathachi kunabweranso ena. Ndinapita kukaona mwana wa mlongo wanga uja, wakula tsopano, ali sitandade faifi. Pageti ndinakumana ndi mnyamata wachizungu, kamera ili pakhosi. Analoza mitengo ija n'kulankhula zake. Womasulira anali mkulu wa mpingo yemwe uja. Anandiuza, maso ali pansi, kuti mlendoyo akufunsa ngati ndingawaperekeze uko mawa ndi ana, akuti mthunzi wake ndi wabwino. Zowachenjeza alendo zinali za mkuluyo tsopano. Ndinamuyang'ana mkuluyo mpaka anakhosomola. Kenaka ndinavala chipewa changa, n'kuyamba kutsika phiri.