A Klorini ndi Madzi Obiriwira

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense ankangoti a Klorini, chifukwa moyo wawo wonse anagwira ntchito yoyeretsa dziwe losambiramo la pahotela ina, ndipo fungo la mankhwala a klorini linawalowa mpaka m'zikhadabo. Akakwera basi, anthu ankacheukacheuka kufuna kuona amene wanyamula zochapa. Nkhondo yawo inali imodzi yokha, yolimbana ndi ndere. Madzi akangoyamba kubiriwira pakona, iwo tulo sankationa. Ankati madzi abwino ndi amene ukagwetseramo singano umaiona pansi.

Atapuma pantchito, masiku anawatalikira. Anakonza chitseko chomwe sichinawonongeke, anasesa bwalo losesasesa kale, mpaka akazi awo anayamba kuwabisira tsache. Mapeto ake anatenga khasu ndi fosholo n'kukumba dziwe la nsomba kuseri kwa nyumba, pamalo a chinyontho pomwe mayiwo ankafuna kudzalapo masamba. Anagula tiana ta nsomba, n'kutithiramo mwaulemu ngati akulandira alendo apahotela.

Munthu uja anapezanso chodzukira. M'mamawa uliwonse ankatuluka ndi kaukonde kawo ka pandodo n'kuvuula tsamba lililonse. Miyala ya m'mbali ankaikwecha ndi burashi. Madzi ankasintha pafupipafupi. Popeza ankadziwa bwino kuti ndere imabwera ndi dzuwa, anakhoma mitengo n'kuyala neti yamthunzi pamwamba pa dziwe lonse. Madeya ankathira pang'ono, kuopa kuti otsala angadetse madzi. Klorini yekha ndiye sanathiremo, ngakhale dzanja linkawayabwa. Kunena zoona, dziwe loyera chotero silinaonekepo m'dera lonselo.

Koma nsomba zinakana kukula. Miyezi inapita, izo zili ngati zala, mitu ikuluikulu, matupi ngati zinabwereka. A Klorini mutu unaima. Anaganiza kuti mwina madzi sakuyera mokwanira, choncho anawonjezera kukwecha.

"Bambo, ine ndatopa nazo nsomba zanu zoonerera," anatero akazi awo tsiku lina, manja ali m'chiuno. "Mvula ikamayamba zikhale zitakula. Apo ayi, dzenje limeneli tikwirira, ndidzalepo masamba. Masamba sachita kuwapempha kuti akule."

Mayiwa sankalankhula kawiri. A Klorini anachita mantha enieni, chifukwa ankadziwa kuti dziwelo likakwiriridwa adzabwerera pakhonde kukadikira dzuwa kuti lilowe.

Mwana wawo wamkazi, amene ankaphunzitsa sayansi kusekondale, anabwera kudzacheza. Bambo ake anamutengera kuseri monyadira, koma iye atasuzumira m'madzimo anagwira pakamwa.

"Ababa, nsombazi mukuzipha ndi njala."

"Njala? Ndimazipatsa madeya."

"Madeya ake a m'kasupuniwa? Chakudya chawo chachikulu mumachivuula m'mawa uliwonse. Ndere ija."

"Ndere ndi uve, mwana iwe."

Mwanayo anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira ndi ana osamva msanga. Anati chilichonse chamoyo chimayendera mphamvu yochokera kudzuwa. Koma nsomba singadye kuwala, munthunso sangadye. Zobiriwira zokha ndizo zimatha kugwira kuwalako n'kukusandutsa chakudya. Ndere ikagwira, tizilombo tating'onoting'ono ta m'madzi timadya ndereyo, nsomba zimadya tizilomboto pamodzi ndi ndere yomwe, kenako munthu amadya nsomba.

"Ndiye ukuti nsomba zimadya dzuwa?"

"Mozungulira, eya."

"Nanga bwanji osangoziyanika padenga zikhute?"

"Ababa!"

"Ndikufunsa kuti ndimve. Ndiye ine ndikadya nsomba ndadya dzuwa lonse lija?"

"Ayi, lochepa kwambiri. Paliponse pamene china chadya chinzake, mphamvu yambiri imakhala itatha kale. Ndere yagwiritsako ntchito, kachilombo kathera posambira, nsomba nayo yathera popuma ndi pothawathawa, ndipo yonseyo imatuluka ngati kutentha. Imene imadutsa ndi ngati gawo limodzi mwa magawo khumi. N'chifukwa chake pamafunika ndere yambirimbiri kuti mupeze nsomba imodzi yonenepa."

A Klorini anakanda m'mutu. "Yotayikayo imabwerera kudzuwa?"

"Sibwerera. Imangopita. Mawa dzuwa litumizanso ina."

"Nanga ikafika mwa ine imapita kuti?"

"Imathera kukwecha miyala," anayankha akazi awo ali pawindo la kukhitchini.

Mwanayo anawonjezera kuti achotse neti ija, ndiponso azithiramo zitosi za nkhuku kuti ndere imere bwino. Apa ndiye a Klorini anangoti kakasi. Zitosi m'madzi, mwadala! Kuhotela munthu akanachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Anagwedeza mutu ngati avomera, koma mumtima anati sukulu ikachuluka imasokoneza. Mwana atangochoka, anatenga burashi.

Komabe mawu aja sanawasiye. Akaona mbuzi ikubudula udzu ankaima n'kumaiyang'ana, kuyesa kuona pamene dzuwa likulowera. Akatuluka thukuta ankadzifunsa ngati limenelo ndi gawo lotayika lija. Tsiku lina anafunsa akazi awo ngati munthu wokhala pamthunzi amakalamba msanga, ndipo anauzidwa kuti adye mwakachetechete.

Chakudza sichiimba ng'oma. Diso lawo lamanja, lomwe linali litayamba kuchita nkhungu, linapezeka ndi ng'ala. Anakawachita opaleshoni, ndipo adokotala anawaletsa kuwerama ndi kunyamula zolemera. Mwana wawo, podziwa khalidwe la bambo ake, anawasunga kwake pafupi ndi chipatala kwa milungu ingapo. Pochoka kunyumba anali atasiyira akazi awo malangizo onse, za kaukonde, za burashi, za kusintha madzi, ndipo mayiwo ankangoti, "Ndamva, bambo, pitani bwino."

Mayiwo sanagwireko ngakhale kamodzi. Iwo anaona kuti mwayi wothana ndi dzenje lija ndi umenewu. Neti anaichotsa n'kukaphimbira mbewu zawo zofesa. Akatsuka khola la nkhuku, madzi ake ankawalozetsa kudziwe komweko. Masamba ofota ndi madeya ogwa nkhungu ankakhuthulira momwemo. Ankati zikafa zonse sipakhalanso zokambirana.

A Klorini anabwerera mitambo itayamba kusonkhana. Sanalowe n'komwe m'nyumba, anangozungulira kuseri, ndipo diso latsopano lija chinthu choyamba kuchiona bwinobwino chinali madzi obiriwira ngati msipu, dzuwa likuwomba pamenepo popanda choletsa. Anakhala pansi, misozi ili lengelenge.

"Mayi, mwandipheranji nsomba zanga?"

"Zinali zakufa kale," anatero mayiwo, koma maso ali kumbali. "Vuulani mitemboyo tikwirire."

Anatenga kaukonde kaja n'kukamiza m'madzi momwe samaona chilichonse. Ndodo inagwedezeka. Atakweza, munali nsomba yonenepa, yodzaza chikhatho, ikuphiriphitha mwaukali. Anamizanso, inatuluka ina. Awiriwo anayang'anana, ndipo sizinadziwike kuti wodabwa kwambiri ndani, amene ankazisamala kapena amene ankafuna kuzipha.

"Munazipatsa chiyani?"

"Uve wokhawokha," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Ine ndimati ndikuzimaliza."

Anaimbira mwana wawo foni, ndipo iye anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anachenjeza amayi ake kuti zitosi zisapyole muyeso, chifukwa zikachuluka mpweya umatha m'madzi, nsomba n'kufa. A Klorini atamva zimenezo mutu unazunguliranso. Uve wochepa njala, uve wambiri imfa. Nanga muyeso wake munthu amauona bwanji m'madzi osaoneka pansi?

Tsiku limenelo mayiwo anakazinga nsomba ziwiri. Atatha kudya, mayiwo anapukuta m'manja n'kugamula mlandu.

"Dziwe likhale. Masamba ndidzala kutsogoloku. Koma burashi ndi kaukonde mundipatse ndisunge ine. Inu musakhudzenso madzi amene aja."

"Nanga ine ntchito yanga ikhala chiyani?"

"Muziyang'ana."

A Klorini anapambana mlandu, koma chimwemwe chake sanachipeze. M'mawa mwake anadzuka nthawi yawo yomwe ija n'kukaima m'mphepete mwa dziwe. Dzuwa linatuluka n'kuyamba ntchito yake osawafunsa, ndere nayo inali pantchito, ndipo pansi penapake nsomba zinkadya. Tsamba louma linagwa mumtengo n'kutera pakati pa madzi. A Klorini anaponya phazi limodzi kutsogolo, kenako anaima. Anapititsa manja kumbuyo, lamanzere n'kugwira lamanja zolimba, mpaka tsambalo linamira.