Mabenchi a pakhonde la akulu anga

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pa simenti. Azimayi a kumpingo anali atayimba mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano anali atagona mothinana, atafunda zitenje. Kunja kunkazizira, mphepo ija ya mwezi wa Julayi kuno ku Chilenje. Azibambo anali atazungulira moto, atakhalira mabenchi atatu a akulu anga. Nditawaona mabenchiwo, mtima unandipweteka.

Akulu angawo, amene tinali pa maliro awo, anali aphunzitsi. Kalekale, asanapume n'komwe ntchito, anaika mabenchi pakhonde, ndipo ana a m'dera lathu ankabwera madzulo kudzawerenga. Mayankho sankawapatsa ayi. Lamulo lawo linali limodzi: werenga pang'ono, tseka buku, ukamufotokozere munthu wosadziwa. Wosadziwayo ndinali ine, mng'ono wawo, amene sukulu ndinalekera panjira n'kuyamba kusoka. Ndikakhala pamakina, mwana ankaima pambali kundiuza mmene mvula imapangikira. Ndikapanda kumva, ankabwerera kubenchi. Ena ankandikwiyira, koma ine sindinkanamizira kumva. Aa, ndinamizirenji? Inenso ndinkatolapo zanga, moti lero mukandifunsa za kadamsana ndikufotokozerani bwinobwino.

Dzulo lake mwana wa malemu, amene amakhala ku Woodlands, anali atandiuza kuti maliro akatha mabenchi apita kutchalitchi. "Amama, nanga aziphunzitsa ndani?" Ndinkaopa kuti khonde lija tikaliika m'manda pamodzi ndi eni ake.

Dzuwa likutuluka tinasonkha moto kuseri kwa nyumba, ena akudula kabichi, ena akutsuka mapoto. Anthu anayamba kufika, a maminibasi ndi a magalimoto awoawo, mpaka msewu unatsekeka. Ambiri sindinawazindikire, koma iwo ankandidziwa. Mayi wina wachibemba, wovala bwino, anandipaka ufa kumaso monga amachitira a chimbuya, anzathu a mtundu wina amene timanyozana nawo mwanthabwala, pa maliro a ife akum'mawa, n'kunena kuti, "Imwe ba anti, munanivutitsa pa masamu! Lelo nabweza." Ndinaseka misozi ili m'masaya.

Kutchalitchi abusa anawerenga ndime, kenako anatseka Baibulo n'kuliika pambali. Anati nawonso anakhalapo pa mabenchi aja, ndipo akapanda kunena m'mawu awoawo, mayi agona apawa awabweza kubenchi. Tchalitchi chonse chinaseka, ngakhale akuluampingo. Anaululanso kuti mpaka lero ulaliki uliwonse amayamba aufotokozera akazi awo kukhitchini.

Magalimoto anandondozana pang'onopang'ono kupita kumanda. Kumeneko kunali fumbi lokhalokha, mphepo ikuulutsa mipango ya azimayi. Ife achibale titaika maluwa, woyendetsa mwambo anaitana onse amene anawerengapo pakhonde. Ine ndinkayembekeza ana a sukulu ochepa aja. Mayo ine! Ananyamuka anamwino, madalaivala, amalonda a mumsika, ngakhale azibambo a imvi. Maluwa anatha, otsalawo ankangofika n'kuwerama. Mwana wa malemu anauyang'anitsitsa mzerewo.

Titabwerera tinasamba m'manja pageti, anthu anadya n'kuyamba kubalalika. Tenti inapindidwa, mapoto obwereka anabwezedwa. Pofika madzulo nyumba inangoti zii. Ndinakhala pamakina osasoka, ndikungodikira kuti mabenchi akwezedwe m'galimoto ndiwatsanzike.

Ndili chikhalire choncho, panafika mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe, amene mayeso ake omaliza a kusekondale ali pafupi. Anaima pakhonde mwamanyazi, buku lili m'manja. Ndinamuuza kuti aphunzitsi tawasiya kumanda, ndipo ine sindidziwa kanthu.

"Ndiye chamene nabwelela, ba anti," anatero.

Mwana wa malemu anali ataima pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja. Anawabwezera m'thumba, n'kupita panja. Ananyamula benchi limodzi yekha, jekete yake yakuda ikudetsedwa ndi phulusa, n'kuliika pakhonde, pamalo pake penipeni. Kenako anabwereranso kukatenga lachiwiri.

Mtsikana uja anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga. Ine ndinamusiya kaye monga ankachitira akulu anga, ndikupukuta ufa wotsalira kukhutu. Atafika kumapeto kwa tsamba ndinakokera mpando wanga pafupi.

"Tseka buku," ndinatero. "Ndiuze."