Siketi ya a Persida

Apongozi anga, a Persida, anabadwira m'ngolo, pamsewu wochokera mumzinda wa Craiova, mayi awo akuthamangira msika. Ankazinena zimenezi monyadira ngati kuti anabadwira m'nyumba ya mfumu. Moyo wawo wonse unathera m'misika ya pachaka. Kuyambira Isitala mpaka kuzizira kutayamba, lero tamanga mahema kuseri kwa tchalitchi cha mudzi uno, sabata yamawa tapasula, tili kwina. Akavalo ndi ngolo atatha kunabwera malole, koma iwo sanasinthe ngakhale kamangidwe ka duku.

Ntchito yawo inali gudumu la mwayi. Linali lathabwa, lopakidwa utoto wofiira ndi wachikasu, lokhomedwa misomali m'mphepete, ndipo pamwamba panali nthenga ya tsekwe imene inkalira kuti tekete tekete gudumulo likamazungulira. Munthu ankalipira n'kulizunguza yekha, ndipo pomwe nthenga yaima ndi pomwe pali mphatso yake: chipeso, kagalasi, galu wadothi. Wamwayi weniweni ankanyamula tsekwe wamoyo. Palibe amene ankachoka chimanjamanja. "Mlendo ndi mame," ankatero, "timakamuka msanga, koma chaka chamawa tidzagwanso pomwe pano. Usamulize munthu amene udzamufunenso."

Ine ndinakwatiwa ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Tanase, ndipo ndinene poyera kuti chaka choyamba ndinkawada apongozi angawo. Kwathu kwa Aromani, mtundu wathu wa anthu oyendayenda, aliyense amadziwa kuti chovala cha mkazi cha m'chiuno kutsika mmunsi chimadetsa, ndipo mwamuna amene chamukhudza kumutu sadyanso ndi anthu mpaka akuluakulu atamuyeretsa. Koma a Persida ankachita kunyanya. Beseni la mbale, beseni la malaya a amuna, beseni la masiketi, lililonse pakepake. Tsiku lina siketi yanga inangokhudza kapu imene inali pansi, iwo n'kuiphwanya ndi mwala ine ndikuona.

"Sanda, siketi si nsalu wamba, ndi moto," anatero. "Uziikokera kwa iwe ukamadutsa pamene pakhala amuna."

Ndinakalirira kuseri kwa lole, uku ndikuwatukwanira mumtima.

Amuna awo, a Dobre, sindinawapeze. Ankayendetsa katungwe wa matcheni, uja amazungulira ana akukuwa, ndipo anali a mtima wapachala. Anabaya munthu pa mkangano wa malo omangapo katungweyo, munthuyo n'kufa, iwonso n'kukafera kundende. A Persida anapita kukatenga mtembo koma anabwerako ndi chipewa chokha. Tsono Tanase anatengera bambo ake chilichonse: mapewa, kuseka, ndi mtima womwewo. Mpeni ankauika mu jombo. Mayi ake anautaya mumtsinje, iye n'kugula wina. Anautayanso, anagulanso.

Tanase ankaliona gudumu ngati ntchito ya agogo. Anakaphunzira kwa anyamata a m'tauni juga ya timphira titatu. Ndi timphira takuda tozungulira, kamodzi kokha kali ndi choyera kunsi. Umatisuntha pa katoni mofulumira, wobwera n'kuloza komwe akuganiza kuti ndi koyera. Ndisakunamizeni, masewera amenewo wobwera sapambana. A Persida ankadana nawo kwambiri. "Gudumu langa limabweza anthu akuseka, timphira takoto timawabweza akukukuta mano," ankamuuza. Iye ankangowapsompsona padzanja n'kunyamula katoni yake.

Zinachitika pa msika wa tsiku la Mariya Woyera, mu Ogasiti, m'tauni ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Jiu. Dzuwa linali paliwombo, fumbi ndi utsi wa nyama yootcha zili koboo. Ine ndinkathandiza pa gudumu, ndipo katoni ya Tanase inali chapafupi, moti ndinkamva mawu ake. "Apa kali, apa palibe, tsegulani maso abale!"

Amene anaima patsogolo pake anali Gavrila, mwini butchala wa m'tauniyo, chimunthu cha khosi ngati la nkhunzi. Anali atamwa kale kachasu wathu uja wa zipatso, ndipo kumbuyo kwake kunali abale ake. Analoza, analephera. Analozanso, analephera. Ndalama zitatha anavula wotchi n'kuiika pa katoni, nayonso inapita. Abale ake anayamba kumuseka, ndipo ine mtima unangoti myuu, chifukwa munthu wotere akhoza kupirira kuluza koma osati kusekedwa.

Gavrila anamenya katoni ija theche, timphira n'kumwazikira m'fumbi.

"Akuba inu! Anthu opanda mudzi! Bweza wotchi yanga, galu iwe!"

"Mwaloza nokha, achimwene," anatero Tanase, akumwetulira kumwetulira kumene ndinkakuopa. "Kapena chala chimenecho n'chobwereka?"

A Persida anali atafika kale. Anatsomphola wotchi m'manja mwa mwana wawo, anatenganso tsekwe wa pa gudumu, n'kupita nazo kwa Gavrila. "Bambo, nayi wotchi yanu. Tsekweyu ndi wa ana kunyumba. Lero ndi tsiku la Mariya, tisakhetsepo kanthu."

Gavrila analandira wotchi. Tsekwe anamumenya ndi kuseri kwa dzanja, kenako anakankha a Persida pachifuwa. Anagwera pa gudumu lawo, nthenga ija n'kulira tekete tekete yokha, duku n'kuvuka. Imvi zawo, zimene ngakhale ine ndinali ndisanazionepo panja, zinaonekera pamaso pa msika wonse.

Sindinaone nthawi imene Tanase anawerama. Ndinangoona mpeni uli m'manja.

Amuna a mtundu wathu anatsika pa katungwe atanyamula masipanala. Abale a Gavrila anayamba kuzula zikhomo za mahema. Apolisi anali kutali, ku chipata cha msika wa akavalo. Aliyense wa ife ankadziwa mmene zimathera magazi a mwini mudzi akagwa: mahema amayaka tsiku lomwelo, ndipo wobayayo amabwerako chipewa chokha. Ndinagwira mkono wa Tanase. "Bambo a Nelu, chonde, ganizirani ana!" Anangondigwedeza ngati akuchotsa ntchentche.

Pamenepo a Persida anadzuka. Duku sanalitole. Anagwira mpendero wa siketi yawo ndi manja awiri, n'kuikweza pang'ono kuchoka pansi, n'kuyenda molunjika kwa Gavrila.

"Bwerera!" anakuwa. "Bwerera, ndingakuponyere!"

Amuna athu onse anadumphira m'mbuyo, ena n'kuphimba nkhope ndi zipewa. Kwathu mawu amenewo amathetsa ndewu ya anthu ngakhale atakwana mudzi. Koma Gavrila sanali wathu. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuphulika kuseka.

"Agogo, mukufuna kundivinira? Tiyeni, kwezaninso, tione!"

Abale ake anaseka, khamu lonse la m'tauni linaseka, wina mpaka anaimba mluzu. Apongozi anga anali atagulitsa mwayi kwa anthu amenewa moyo wawo wonse, ankadziwa zimene amakonda ndi zimene amadana nazo, koma sizinawabwererepo m'mutu kuti pali mwamuna pansi pano amene saopa siketi. Ndinaona nkhope yawo ikugwa. Anaima pakati pa bwalo, mpendero uli m'manja, opanda chida china.

Kuseka kuja ndiko kunamumaliza Tanase. Anabangula n'kuthamangira Gavrila, mpeni uli mmunsi, mmene amagwirira anthu oudziwa. Panatsala pang'ono kuti amufike.

A Persida anatembenuka. Akazi athu timavala masiketi angapo, ina pamwamba pa inzake. Anamasula yapamwamba ndi dzanja limodzi, yobiriwira ya maluwa achikasu, n'kuiponya pamutu pa mwana wawo.

Mpeni unagwa pansi. Tanase anaima ngati wawombedwa, kenako anagwada, nsalu ija ili chiphimbire nkhope. Amuna amene amabwera kudzamuthandiza anabwerera chafutambuyo, osafuna ngakhale kuti chithunzithunzi chake chiwakhudze. A m'tauni sanamvetse chimene chachitika. Anayang'anizana, kuseka n'kuzilala, chifukwa ndewu inali itatha popanda womenyedwa. Gavrila analavula, n'kuvala wotchi yake, abale ake n'kumukoka kupita komwa mowa.

Tanase anachotsa siketi ija pang'onopang'ono.

"Amayi," anatero, "mwandichita chiyani?"

A Persida anatola duku lawo n'kulimanga.

Madzulo dzuwa lisanalowe akuluakulu anakhala bwalo kuseri kwa katungwe. Tanase anamuimika patali, atamupatsa kapu yakeyake. Manyazi anali atasanduka ukali, ndipo aliyense anamumva akulumbira pa dzina la bambo ake kuti kukacha akamupeza Gavrila ku butchala yake. Komabe akuluakuluwo ankamukonda, ndipo nkhani zotere zili ndi khomo lotulukira. Mkazi amene waponya siketi akanena pamaso pa bwalo kuti sinakhudze munthu, bwalo limavomera, ngakhale onse anaona ndi maso. Munthuyo amayera pomwepo.

Ndinawagwadira apongozi anga kuseri kwa hema. "Amayi, ingonenani kuti inadutsa pambali. Ndi mwana wanu. Mukufuna azidyera panja ngati galu? Ana ake asamukhudze?"

"Dzuka, ukudetsa mawondo," anatero.

A Ispas, amene ankatsogolera bwalo, anafunsa mosamala, akuwaikira yankho m'kamwa. "Mlongo wanga Persida, kunali fumbi, kunali mphepo. Ife maso athu ndi okalamba. Mwina nsaluyo inangomudutsa mnyamatayu?"

A Persida sanayang'ane a Ispas. Anayang'ana mwana wawo.

"Tanase, mawa m'mawa ukhala uli kuti?"

Iye anatukula mutu. "Mukudziwa."

"Ndikufunsanso. Ukhala uli kuti?"

"Anakugwetsani pansi, amayi! Anakuvulani duku! Mukufuna ndikamugulire maluwa?"

A Persida anatembenukira kwa akuluakulu, n'kulankhula mokweza kuti ndi akazi omwe amve.

"Inamukhudza. Kumutu, kumaso, ndi pakamwa pomwe. Ndibweretsereni kandulo ndilumbire."

A Ispas anavula chipewa n'kupukuta thukuta. Panalibenso chochita. Bwalo linagamula kuti Tanase achoke pakati pathu tsiku lomwelo, asayandikire msika uliwonse umene tili mpaka chipale chofewa choyamba cha nyengo yozizira chitagwa. Amuna awiri anamuperekeza ku siteshoni, akuyenda motalikirana naye, ndipo sanachoke mpaka sitima itanyamuka. Zovala zake ndinamuikira pansi, iye n'kuzitola. Mayi ake sanawatsanzike. M'mawa mwake Gavrila anatsegula butchala yake bwinobwino, osadziwa n'komwe kuti ali moyo chifukwa cha siketi imene ankaiseka.

Miyezi imeneyo sindinalankhule nawo a Persida kupatula za ntchito. Ndinali wokwiya, ndipo sindibisa. Iwo ankangozunguza gudumu lawo, akuitana anthu ndi mawu omwe aja.

Tanase anabwera chipale chitagwa, ataonda, manja atachita zikang'a ndi ntchito yonyamula katundu kudoko la Constanța. Akuluakulu anamuyeretsa, a Ispas anamwera naye kapu imodzi, anthu anavina. Timphira tija sanatigwirenso, anatenga katungwe wa bambo ake, ndipo mu jombo mwake sindinapezemonso kanthu. Koma chakudya chophikidwa ndi mayi ake anachileka. Sanawatukwane, sanawathamangitse, ankawanyamulira gudumu n'kulimanga pamalo abwino. Kungoti mbale yochokera m'manja mwawo ankaikankhira kwa ana.

Khirisimasi iliyonse a Persida ankaphika sarimale, nyama yokulunga m'masamba a kabichi wowawasa, imene Tanase ankaikonda kuyambira ali mwana. Ankaika mbale patsogolo pake, iye n'kuikankha, iwo n'kubwerera kumoto. Mwana wathu Nelu anakula, anakwatira, zikuchitikabe chimodzimodzi. Chaka china zinandipweteka kwambiri, moti ndinawatsatira.

"Amayi, bwanji osangomupepesa? Mawu amodzi okha."

"Ndipepese chiyani?" anatero, akuvundikira mphika. "Waona dzanja lakankha mbale lija? Ndi la munthu wamoyo."

Anamwalira m'nyengo yozizira, malole ataima, gudumu litaphimbidwa ndi lona. Kwathu timakonza tebulo la womwalira, ndipo chimene chadyedwa pamenepo timati chafika kwa iyeyo, ngati kuti ndiye wakugawira. Ndinaphika sarimale mumphika wawo, ndikukulunga timasamba tating'ono mmene anandiphunzitsira ndi ukali wawo uja. Ndinaika mbale patsogolo pa Tanase, amene tsopano anali ndi imvi, ndipo anthu onse a patebulo anayang'ana kumbali kuti asamuchititse manyazi.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaikokera kwa iye n'kuyamba kudya, misozi ikugwera momwemo. Anadya mpaka mbale inayera, n'kundipempha ina.