Mitima ya Mbuzi ya a Fletcher

"Iwe Hilda, poti unafika Fomu 2, tandiuza. Khoma la mtima wa munthu n'lokhuthala bwanji? Ngati tayala kapena ngati chubu?"

Anandifunsa zimenezi ndi a Fletcher, amuna awo a mayi anga aang'ono, a Lenia. Ine sukulu ndinaisiya tisanaphunzire za mtima. Koma nkhani yawo ndiilemba ndithu, chifukwa anthu pa Phalombe anaikamba mokhota pamene ine ndinaiona ndi maso.

A Fletcher amakonza njinga pansi pa mtengo, kuseri kwa msika wa pa Boma. Ndi munthu wosakhazikika. Ngakhale m'tchalitchi zala zawo zimakhala zikupinda kawaya m'thumba. Kwathu kumunsi kwa Michesi ndi akamwini. Nyumba anamanga okha, koma mawu omaliza pa za a Lenia ndi a mlongo wawo, a Wyson, asodzi a ku Chilwa.

Mtima wa a Lenia unkagunda mochedwa, mpaka ankakomoka mtolo wa nkhuni uli pamutu. Ampingo anawathandiza kupita kutauni nthawi imene kunabwera madokotala akunja. Kumeneko anawaika kamakina pansi pa khungu cha paphewa, kamene ife timangoti batire ya mtima. Pa batireyo pamachoka kawaya kodutsa mumtsempha mpaka kukagwira mkati mwa mtima. Polowetsa kawayako nsonga inaboola khoma, magazi n'kutayikira mkati. Anapulumuka lokumbakumba.

Njala ya 2002 itapita, chizungulire chinayambiranso. Kuchipatala anati kawaya kaja kasuntha, ndipo madokotala aja akabweranso mvula isanagwe adzaika kena. A Lenia anakanitsitsa. A Wyson nawo anadula mawu: "Mlongo wanga sabayidwa kawiri."

A Fletcher anasowa pokhala. Akagwira sipanala, maso ali kumsewu wa kumudzi, kuopa kuti wina atulukira ndi uthenga. Tsiku lina akulowetsa waya wa mabuleki m'chikuta chake, anaima. Waya yekha amabaya chala, koma m'chikuta amayenda mofatsa mpaka pamene ukufuna. Bwanji atapanga cholowetsera kawaya chimene sichingaboole mtima? Akazi awo atachiona, mwina mantha angathe.

Anayamba kugula mitima ya mbuzi kwa a Sitima, ogulitsa nyama mumsika.

"Achimwene, chiwindi chinakulakwirani chiyani?" ankatero a Sitima. "Nthumbwana izi ndikupatsani ya basela."

"Mtima basi. Wa lero, wadzulo umauma."

Chikuta cha mabuleki chinakana kukhota. Kapaipi ka petulo ka njinga yamoto kanafewa kwambiri, kankangopindika pakhomo. Anaphatikiza ziwirizi, kunsonga n'kuvekako kamphira ka vavu. Mtima unabookabe. Kenako anaphwasula bolopeni, n'kutenga kasipuling'i kake kuika kuseri kwa nsonga, kuti ikagunda khoma izibwerera m'mbuyo. Njinga za anthu zinaunjikana osakonzedwa.

Koma pa Phalombe munthu sagula mitima yokhayokha anthu n'kukhala chete. Zinayamba kumveka kuti a Fletcher akukhwimira bizinesi, ndipo n'chifukwa chake akazi awo sakuchira. Anyamata a kabaza anayamba kukapopetsa njinga kwina. Mphekeserayo inayenda ndi ogula matemba mpaka kunyanja, ndipo Loweruka lina a Wyson anatulukira pakhomo, thukuta lili kamukamu. A Lenia anali pakhonde akutsanula madzi a nyemba za kalongonda. A Fletcher anali atangofika, mtima wa mbuzi uli m'jumbo.

"Alamu, ndamva zanu," anatero a Wyson osalandira n'komwe mpando. "M'jumbomo muli chiyani?"

"Mtima."

"Ndiye simukubisanso! Pamudzi pa eni ake?"

"Khalani pansi, alamu, muone."

Anaika mtimawo m'mbale. Anayamba ndi waya wamba, kumulowetsa pamtsempha waukulu, ndipo nsonga inatulukira mbali inayo. A Lenia anagwira pachifuwa. Kenako analowetsa chipangizo chawo pang'onopang'ono, n'kukankha. Khoma linangotukuka pang'ono, osabooka. Anabwerezanso. Osabooka.

"Amayi a Fraser, mwaona?" anatero, kuitana akazi awo ndi dzina la mwana wawo. "N'zotheka. Kawaya kangalowe osakubayani."

A Wyson anaseka. "Ndiye azungu aja akasiye zida zawo atenge mabuleki a njinga?"

"Ayi. Ichi sichingalowe mwa munthu, ndikudziwa. Koma ngati ine wa pansi pa mtengo ndaganiza izi, iwo zaka zonsezi angokhala?"

"Bweretsani kuno ndiyese."

Dzanja la a Wyson ndi lopalasa bwato m'matope a Chilwa. Anakankha kamodzi kokha. Kasipuling'i kanathera, kamphira kanang'ambika, waya n'kutulukira kunja, bwii.

A Fletcher anakhala pansi pa dothi, n'kuyang'ana mbaleyo ngati muli maliro. Miyezi yonse ija, kunyozedwa konse kuja, zinathera pa bowo limodzi. Anafuna kunena kuti akonza, aika sipuling'i yolimbirapo, koma a Wyson anawatsogolera kulankhula.

"Basi, mwadzionera," anatero a Wyson. "Sapita."

A Lenia anapukuta manja pachitenje, n'kusendera pafupi. Anatola chipangizocho, kuchitembenuza, kenako n'kuyang'ana manja a amuna awo, akuda ndi girisi, odzaza timabala ta waya.

"Ndiye nyama yonseyi inkathera apa, ife tikudya chigwada?"

"Ndimaopa kukuuzani chisanatheke."

"Ine ndimayesa n'zoona zimene akunenazo, bambo a Fraser. Ndimagona diso limodzi." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achimwene, chida n'chomwechi. Awa alowetsa sichinaboole, inu mwaboola. Ndiye nkhani ili padzanja."

"Dzanja la munthu wosamudziwa ungalikhulupirire bwanji?"

"Ulendo uja sindinafunse kanthu. Anangondigoneka ngati thumba la chimanga. Ulendo uno ndikufuna madokotalawo andionetse chida chawocho ndichigwire, andiuze chinalakwika n'chiyani, ndiwaone manja. Ndikakhutira, andiike. Ndikapanda kukhutira, ndikwera minibasi kubwerera."

"Ndipo ukafera komweko?"

"Kuno ndiye sindikufa? Dzana ndinagwa pachitsime, ndowa n'kugubuduka. Mtima ndi wanga, achimwene."

A Wyson anakanda kumutu nthawi yaitali. "Nanga ukawafunsa m'Chilomwe? Chizungu chako n'cha gudumoning'i basi. Ndipo anamwino akatanganidwa samasulira zonse."

Pamenepo a Fletcher anali atadzuka kale, akuzungulirazungulira pabwalo, akutchula mafunso oti akafunsidwe: nsonga yake ndi yofewa bwanji, amadziwa bwanji kuti yafika, akakankha kwambiri chimaletsa n'chiyani. Chizungu nawonso alibe.

Ine mwezi umenewo ndinali nditapangana ndi mnzanga Enelesi kupita ku Limbe kukafuna ntchito m'masitolo, chikwama nditalongedza kale. Madzulo ake ndinapita kwa Enelesi kukamuuza kuti atsogole yekha. Ndinati ine ndipita ndi mayi aang'ono kuchipatala, ndikaima pambali pa bedi kuwamasulira Chizungu, ndipo dokotalayo sakawakhudza asanayankhe funso lililonse.