Ndinalipira zipinda zitatu, ziwiri munali chimanga

Inu a kampani ya nyumba za pa foni, mubwere ku Chama mudzalankhule ndi apongozi anga. Ine sindingathe. Mwambo sundilola, ndipo amene mwayambitsa nkhaniyi ndinu.

Kwa amene simundidziwa, ndine mphunzitsi ku Kambombo. Mkazi wanga Tamala anali ndi pakati poyamba, ndiye anesi anati masiku akayandikira akadikirire pafupi ndi chipatala cha pa boma. Amayi ake anati abwera kuchokera ku Tembwe kudzamuthandiza. Manje mukudziwa kwathu kuno, mkamwini ndi apongozi sapanikizana pakhomo limodzi. Sitiyang'anana m'maso, sitidyera pamodzi. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, ine ndili pomwepo. Panafunika nyumba yoti aliyense akhale ndi chitseko chake.

Mnzanga wina kusukulu anandionetsa kampani ija imene ikudzitama pa wailesi kuti inayamba ndi tinyumba tochepa ku Lusaka, manje yafika boma lililonse. Ati munthu amene ali ndi nyumba yongokhala abwereketse alendo, tonse tipindule. Ndinatsegula pa foni. Nyumba yoyera, zipinda zitatu, makatani, ngakhale duwa patebulo. Ndinalipira sabata yonse nthawi yomweyo. Ndinadzimva kuti ndine mwamuna wamakono.

Tinafika masana, dzuwa likuswa mutu. Tamala akuyenda atagwira msana, apongozi kumbuyo ndi mtolo wawo. Mwini nyumba anatilandira akuseka, mano onse panja. Anatsegula chipinda choyamba: bedi, bwino. Anatsegula chachiwiri. Matumba a chimanga mpaka kudenga! Chachitatu, chimodzimodzi, kungosiya kampata koti khoswe adutse.

Ndinamukokera pambali. "Bambo, ichi n'chiyani?"

Ati, "Aphunzitsi, ogula sanabwere. Mtengo ukadali pansi. Ndichiike kuti, pamsewu?"

Ndinamuonetsa zithunzi. Anaziyang'ana mokondwa ndithu. Ati mnyamata wa kampani anabwera pa njinga yamoto mu Febuluwale, chimanga chikadali kumunda. Anajambula, anabwereka duwa kwa aneba, anapita. Sanabwerenso.

Imvani bwino pamenepo. Kampani yobwereketsa nyumba ku Chama, koma siidziwa kuti ku Chama anthu amakolola!

Ndinaimba nambala yawo. Kanyimbo, kanyimbo, mpaka ndalama za mu foni zinayamba kulira. Kenako kunayankha mtsikana wa mawu osalala. Ndinamufotokozera. Ati, "Pepani bwana, koma zipindazo zilipo zitatu, si choncho?" Ndinati zilipo, koma muli chimanga. Ati kwa iwo zikuoneka kuti ndalandira makiyi, ndiye kuti ndalowa, ndiye kuti ndakhutira. Ndakhutira! Mlongo, unandiona nkhope?

Ndinati ndili ndi apongozi pano. Ati, "Si vuto bwana, pabalaza n'papakulu, mutha kugona nonse." Nonse! Ine ndi apongozi, mphasa kuyandikana, tizifunsana kuti mwadzuka bwanji? Mtsikana iwe, unakulira kuti? Kwanu kulibe akulu?

Ndinapempha nyumba ina. Ati ilipo yabwino kwambiri, yapafupi. Kuti? Ku Lundazi. Mkazi ali pafupi kubereka, ine ndimukweze galimoto pa msewu uja kuti mwana akabadwire m'fumbi, chifukwa pa mapu anu mpata wake ndi wa chala chimodzi?

Tinakhala momwemo, tikanapita kuti? Tamala ndi amayi ake anatenga chipinda cha bedi. Pabalaza sindikanagona, chifukwa ndi pamene apongozi amadutsa popita panja. Ndinakwera pamwamba pa matumba, mphuno pafupi ndi malata. Sabata yonse. Anankafumbwe m'makutu, fungo la mankhwala a chimanga m'malaya, msana ngati wa munthu womenyedwa. M'mawa ndinkatsika cham'mbuyo, kumvetsera kaye ngati apongozi ali m'njira.

Mwana anabadwa bwino, wamkazi, tithokoze Mulungu ndi anesi. Kampani isatengepo ulemu.

Koma vuto lenileni ndi ili. Tsiku lija tikufika, ine ndili panja kukangana ndi foni, apongozi anasuzumira m'zipinda zija. Anafunsa mwana wawo monong'ona kuti, "Chonsechi n'cha amuna ako?" Tamala, msana ukumupweteka, ndiponso pofuna kundibisira manyazi, anangoti, "Eee amama, lowani mupumule." Basi. Apongozi ataona kuti ndikugona pamwamba pa matumba, anatsimikiza. Ati mwamuna wosamala chuma chake, salola ngakhale khoswe.

Manje abwerera ku Tembwe, ndipo Tembwe yense wamva kuti mkamwini mphunzitsi ali ndi nyumba pa boma, zipinda ziwiri zodzaza chimanga. Loweruka kunafika amalume ake a Tamala pa njinga, matumba opanda kanthu atamanga kumbuyo. Ndinawauza zoona, kuti nyumba si yanga, chimanga si changa, ine ufa ndimagula pa sitolo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ati, "Tamva, aphunzitsi." Anakana ngakhale madzi akumwa. Dzulo uthenga wabwera kudzera kwa Tamala: apongozi akuti sankadziwa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu womana. Zandiwawa, sindinama. Mayi aja ankandilemekeza.

Ndiye m'mawa uno foni yalira. Uthenga wa kampani. Ati tipatseni nyenyezi zosonyeza mmene mwakhutira, mwagona bwanji m'nyumba yathu?

Nyenyezi ndinaziona ndithu, pa kabowo ka malata.

Anzanga a ku Chama, mukafuna nyumba pa foni, funsani kaye mwezi umene anajambula zithunzi. Ndipo inu a kampani, ndalama zanga mubweze, koma zimenezo n'zazing'ono. Mnyamata wanu wa njinga yamoto uja akudziwa njira. Mutumeni ku Tembwe, duwa lake atanyamula, akagwade pakhomo pa apongozi anga, awauze kuti chimanga chija n'cha ndani. Mpaka atapita, mwana wanga ali ndi agogo amene sakufuna kumva dzina la bambo ake.